Amayi anaona a Jailosi m'chithunzi chopanda nkhope

Lamlungu lapitali ndinapatsa amayi anga foni kuti aone chithunzi, ndipo mtima wanga sunakhalenso pansi sabata yonse.

Ndiyambe ndakudziwitsani anthu ake. Amayi amakhala pa komboni ya purazi lina, ndiye kuti famu ya fodya, kufupi ndi Concession, kumpoto kwa Harare, m'nyumba yomwe ija ya zipinda ziwiri imene tinakuliramo ine ndi achimwene anga, a Jailosi. Agogo athu anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito pa purazi limeneli, ndipo ife tonse michombo yathu inagwera pomwepo. Ine ndinachoka kalekale, ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu ku Ruwa. Achimwene anachoka pambuyo panga, ntchito itachepa papurazipo. Anati akupita ku Mutorashanga kukakumba kulomu, mwala wakuda uja, ndipo abwera pa Khirisimasi.

Zadutsa Khirisimasi zisanu ndi ziwiri. Chaka choyamba ankaimba foni. Kenako nambala yawo inangosiya kulowa.

Anasiya mwana wamkazi, Rudo, ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Mayi ake atakwatiwanso ku Bindura, ndinamutenga ine. Pano ndi namwali wa zaka makumi awiri, akuphunzira kujambula zithunzi pa koleji ina ku Harare, ndipo amanditchula kuti tete, monga anzake achishona amaitanira azakhali awo.

Zithunzi za Rudo si zija timazidziwa ife, zoti munthu waima chilili kutsogolo kwa nsalu ya maluwa, manja ali m'mbali. Iye amajambula munthu akuyenda, n'kuisiya kamera kuti imupake pachithunzi ngati matope. Tsiku loyamba kundionetsa ndinamufunsa ngati kamerayo inagwa pansi.

"Sinagwe, tete. Ndimafuna zizioneka choncho."

Chimodzi mwa zimenezi aphunzitsi ake anachisankha kuti chipachikidwe pakhoma la kukoleji, anthu azibwera kudzaona. Ananditumizira pafoni. Pali khoma loyera, chitseko chabuluu, ndipo pakati pali chinthu chofiira chonga munthu amene akudutsa. Mutu wake uli ngati utsi. Miyendo ikuoneka itatu. Nkhope palibe, ngakhale mphuno.

Sindinachimvetse, koma ndinanyadira. Ndiye nditafika ku komboni Lamlungu masana, ndinapeza amayi akusenda mtedza pakhonde, ndinati aone zimene mdzukulu wawo akuchita kutauni.

Anapukuta manja pachitenje, n'kuitalikitsa foniyo monga amachitira powerenga nyimbo. Anayang'ana kwa kanthawi.

"Uyu ndi Jailosi," anatero.

Sanakweze mawu. Ananena ngati akundiuza kuti kunja kwachita mitambo.

"Amayi, palibe nkhope apa."

"Nkhope ndiitani nayo? Taona phewali. Lakumanja latsika. Anathyoka fupa la apa atagwa m'ngolo ya fodya ali mwana, ndinachita kumubereka ine mpaka kukiliniki. Ukufuna undiuze kuti sindidziwa mmene mwana wanga amayendera?"

Ndinaganiza kuti nkhaniyi ithera pa Rudo. Ndinamuimbira, n'kukweza mawu a foni kuti amayi amve okha kuti chithunzicho chinajambulidwa mumsewu wa ku Harare.

"Rudo, chithunzi chija cha chitseko chabuluu unachijambulira kuti?"

"Ku Mutorashanga, tete. Mwezi wathawu, pomwe tinapita ndi a m'kalasi kukajambula mapiri. Ndinajambula ndili pawindo la basi. Bwanji?"

 Amayi anasendera pafupi ndi foniyo.

"Rudo, unawaona bambo ako, n'kuwadutsa osapereka moni?"

 Foni inangoduka.

Pasanapite nthawi anafika amalume a Saizi, mlongo wawo wa amayi. Iwowa ndi amodzi mwa akuluakulu a gule pa komboniyo, ndipo kwa zaka ziwiri tsopano akhala akuwauza amayi kuti nkhani ya a Jailosi itsekedwe. Akufuna kuti pafulidwe mowa, gule atuluke, munthuyo aperekezedwe monga amaperekezedwera amene anafera kutali, kuti mzimu wake usamayendeyende. Amayi, amene saphonya mapemphero a azimayi Lachinayi lililonse, amakana. Nkhaniyi ikangoyamba, awiriwa amatha mwezi osabwerekana mchere.

Amalume anaitenga foniyo, n'kuiyang'ana maso ali tsinzinitsinzini.

"Ngati ndi Jailosi, ndiye mlongo wanga wayankhidwa," anatero. "Munthu wamoyo sajambulika chonchi. Taonani, khomalo likuonekera m'thupi mwake. Wabwera kudzakuuzani kuti mwamuchedwetsa."

"Mwana wanga simumuvinira ali moyo," anatero amayi.

"Ndiye akuonekeranji ngati utsi?"

"Akuyenda. Munthu wakufa amayenda mumsewu masana atavala jekete?"

Onse awiri anatembenukira kwa ine. Ine ndimasoka zovala, ndipo chimene ndinaona chinali jekete lomukulira mwini wake. Jekete likakula, phewa limodzi limagwa, ngakhale munthuyo ali ndi mafupa abwinobwino. Ndinawauza choncho. Palibe anandimvera.

Chithunzi chimodzi, anthu atatu. Wina waona mwana wake wamoyo, wina waona maliro amene sanachitike, wina waona telala amene sanayeze bwino.

Kodi inu mukanaona chiyani?

Musafulumire kuyankha. Nanenso ndinkadziyesa wamaso owongoka.

Nditabwerera ku Ruwa madzulo ake, ndinapeza Rudo atakhala pampando wanga wosokera, sadza limene anaphika, nsima ya kuno, lili pambale osakhudzidwa.

"Ndikanawadziwa, tete," anayamba choncho ndisanatule n'komwe chikwama. "Mukuganiza kuti ulendo wa ku Mutorashanga ndinaulembetsa chifukwa cha mapiri? Mwamuna aliyense amene tinamudutsa tsiku limenelo ndinamuyang'ana kumaso. Ndi baba anga. Ndikanawadziwa."

"Ndikudziwa, mwanawe."

Anaseweretsa tepi yanga yoyezera.

"Kapena sindikanawadziwa?"

 Chithunzi cha achimwene chimene tili nacho n'chimodzi chokha, cha paukwati wa msuweni wathu. Aima kumbuyo kwenikweni, theka la nkhope labisika ndi chipewa cha munthu wina. Chitupa analibe. Anayendera ofesi kangapo, koma nthawi zonse ankawafunsa mapepala a makolo amene makolowo sanakhalepo nawo, mpaka anatopa. Ndiye ngakhale kachithunzi kakang'ono ka pachitupa kalibe. Rudo anandiuza kuti akatseka maso amakumbukira manja a bambo ake, akuda ndi utomoni wa fodya, komanso mmene ankaimbira mluzu pometa ndevu. Nkhope ndiyo ikumuthawa chaka ndi chaka.

Lolemba ndinasoka kolala ya malaya chagada kawiri. Ndinkangoti kusoka pang'ono, n'kutenga foni. Ndinachikulitsa chithunzicho ndi zala mpaka chinangokhala madontho ofiira. Ndinachichepetsa. Ndinachiika patali, pawindo, n'kumachiyang'ana ndi diso limodzi.

Pofika Lachiwiri m'mawa, nanenso ndinali nditawaona.

Sindikudziwa kuti ndikufotokozereni bwanji. Palibe chimene chinasintha pachithunzipo. Koma khosi lija lopendekera kutsogolo linali la achimwene. Kaponyedwe ka mwendo kanali ka achimwene. Ndinafika podabwa kuti Lamlungu ndinalephera bwanji kuona chinthu choonekeratu chonchi.

Tsiku lomwelo Rudo anabwera ndi zimene anthu analemba m'kabuku kamene anaika pansi pa chithunzicho kukoleji. Wina anati akuona mkazi akuvina. Wina anati ndi moto umene wavala thupi la munthu. Wina analemba tsamba lonse za kusungulumwa kwa anthu a masiku ano. Sindikuwanyoza. Anaona zimene anaona, monganso amayi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo atalemba anapita kwawo kukadya bwinobwino. Amayi, monga anandiuzira mnansi wawo pafoni, anali atayamba kale kufunsa anthu kuti basi ya ku Mutorashanga imakwereredwa pati. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, wa miyendo yotupa.

Ndinauza Rudo kuti asindikize chithunzicho papepala. Lachitatu tinalawirira ulendo wa ku Mutorashanga.

Tinakwera kombi mpaka kutauni, basi mpaka ku Mvurwi, kenako kagalimoto kaja kamene amatipanikizamo anayi kumbuyo.  Njira yonse ine ndinkangodzifunsa. Akakhala iwo, ndikawauza chiyani? Ndikawakumbatira kapena ndikawatukwana? Nanga akakhala ndi mkazi wina ndi ana ena, n'kutiuza kuti tibwerere? Nanga tikauzidwa kuti inde, anali iwo mwezi wathawo, koma dzenje linawagumukira sabata yatha?

Tili ku Mvurwi ndinatsegula chikwama kuti nditenge madzi. Ndinapezamo buledi ndi shuga, zimene ndinagulira achimwene. Pansi pake panali duku wanga wakuda wa kumaliro. Sindikukumbukira nthawi imene ndinamuikamo.

Chitseko chabuluu sichinativute kuchipeza. Ndi cha kashopu kena m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pamene amakonzera matayala. Khoma loyera lija lilipo, kungoti pafupi si loyera kwenikweni.

Tinayamba kuonetsa anthu pepala lathu.

Mayi wina wogulitsa tomato analitembenuza chadodolido, n'kulibwezanso, n'kuseka. Anatiuza m'Chishona kuti ameneyo ndi mkazi amene wasenza nkhuni, kodi sitikuona mtolowo? Bambo wokonza matayala anakana ngakhale kuligwira. Anatifunsa ngati tatumidwa ndi apolisi, n'kunena kuti iye sadziwa munthu aliyense wovala zofiira.

Kenako tinalakwitsa. Tinaonetsa gogo wina amene anali atakhala pamthunzi kudikira galimoto. Analigwira pepalalo ndi manja onse awiri. Anati ndi mkamwini wake, amene anakwiririka m'dzenje nthawi ya mvula yapitayi. Anatifunsa kuti tachitenga kuti. Rudo anayesa kumufotokozera kuti chinajambulidwa mwezi watha chabe, koma zimenezo zinangowonjezera. Tinakhala naye pansi mpaka analeka kulira. Ife amene tinapita kukafuna wathu, tinapezeka tikutonthoza mwini maliro ena.

Mwini wake wa kashopu kaja anali akutiyang'ana nthawi yonseyi ali pakhomo. Ndi bambo wachikulire, wa imvi mbuu. Atamva ine ndi Rudo tikukambirana zoti tingobwerera, anatiitana.

"Ndinu a kwathu, eti? Ndamva kayankhulidweko. Ine ndine Phiri. Bambo anga anabwera kudzagwira ntchito pamgodi waukulu usanatsekedwe. Tabweretsani pepalalo."

A Phiri sanavutike ndi mutu kapena miyendo. Analoza pakati penipeni.

"Munthuyu sindikumuona, koma jeketeli ndikulidziwa. Kuno kulibe lina lofiira chonchi. Mwini wake amabwera kudzagula mabanzi dzuwa likafika pamutu. Khalani pabenchipo."

"Dzina lake ndani, bambo?" ndinafunsa.

"Timangomuitana kuti Achimwene. Kunotu aliyense woyankhula ngati ife ndi Achimwene."

"Ndi wamkulu bwanji?"

"Fumbi la kumiyala limakalambitsa onse mofanana, mayi. Dikirani mudzionere nokha."

Tinadikira pafupifupi maola awiri. Rudo anafungatira kamera yake pachifuwa, chala chikungogogoda pachivindikiro. Ine ndinawerenga malole amene ankadutsa atanyamula miyala, ndikasokoneza n'kuyambiranso.

Kenako a Phiri anati, "Uyo akubwera apoyo."

Chinthu chofiira chinatulukira kumapeto kwa msewu, kumene kutentha kumavinitsa mpweya. Phewa lakumanja linali lotsika. Khosi linali lopendekera kutsogolo.  Rudo anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo zake zinandilowa.

Anayandikira. Anayandikiranso.

Anali wamtali kuposa achimwene. Anali woderako. Zaka zake sizingapitirire makumi atatu.

Ndikuuzeni zoona, ngakhale zikundichititsa manyazi. Chimene ndinayamba kumva chinali mpumulo. Chisoni chinabwera pambuyo, ndipo chitabwera chinandikhala pachifuwa ngati thumba la chimanga.

Dzina lake ndi Tomasi, kwawo ndi ku Angonia, ku Mozambiki. Phewa linatsika chifukwa chosenza matumba a miyala mbali imodzi. Jeketelo ndi lomukuliradi, anachita kupatsidwa ndi mnzake. A Phiri atamuonetsa pepalalo, analiyang'ana n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ameneyu ndine? Ndiye kuti ndathadi."

Atatha kuseka anatifunsa kuti tachokera kuti, ndipo tavutikiranji ulendo wonsewu chifukwa cha chithunzi chowonongeka. Ndinamufotokozera za achimwene, za amayi, za phewa. 

Tomasi anakhala pansi pakhonde la shopu, mabanzi ake ali m'manja osadya.

"Mayi anu anandiona ine n'kunena kuti ndine mwana wawo?"

"Eya."

"Anga ndatha zaka zitatu osayankhula nawo."

Anati foni yake inabedwa chaka choyamba. Nambala ya mlongo wake amaidziwa pamtima, ndipo akanatha kubwereka foni kwa a Phiri tsiku lililonse. Koma anachoka kwawo atalonjeza zambiri, ndipo mwezi uliwonse ankadziuza kuti aimba zinthu zikayenda. Mwezi unasanduka chaka. Kenako anayamba kuopa kuti akaimba amva zoti mayi akewo kulibenso.

Rudo ndiye anayamba kuyankhula, akumutchula mukoma, ndiye kuti achimwene m'Chishona.

"Mukoma, ndikujambuleni china? Chooneka bwino."

Tomasi anayang'ana a Phiri, n'kuyang'ana zovala zake. Anapita kuseri kwa shopu, kumene kuli mgolo wa madzi, n'kukasamba kumaso. Anabwera atamanga mabatani onse a jekete lija mpaka m'khosi. Ine sindinapirire, ndinamukonza phewa ndi pini imene ndimayenda nayo pa bulauzi. Anaima kutsogolo kwa chitseko chabuluu, manja m'mbali, osaphethira.

Chithunzicho chinatuluka bwino moti chipsera cha pachibwano chake chikuoneka. Rudo anachisamutsira mufoni yanga, Tomasi anatchula nambala ya mlongo wake osakayika ngakhale pamodzi, ndipo tinatumiza pamodzi ndi nambala ya a Phiri.

Tisananyamuke ndinawafunsa a Phiri za a Jailosi. Anaganiza kwa kanthawi n'kupukusa mutu. Anati a Jailosi adutsapo angapo, ndipo ambiri kumeneko sadziwika ndi maina awo enieni. Ena amapita ku Shurugwi, ena kumigodi ya golide, ena amangosowa. Analemba nambala yanga pachikuto cha bokosi la sopo n'kunena kuti azifunsa.

Yankho la ku Angonia linatipeza tili ku Mvurwi. Anali mawu ojambulidwa, a mkazi amene ankalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha kulira. Kumbuyo kwake kunkamveka mawu ena, a munthu wokalamba, akungofunsa kuti ali kuti, ali kuti, wadya? Tinawatumiza kwa a Phiri. Rudo anatembenukira kuwindo mpaka tinatsika ku Concession.

Tinafika ku komboni dzuwa lisanalowe. Amayi anali pakhonde, atavala nsapato zawo za kutchalitchi, kachikwama kali pambali. Amalume analinso pomwepo.

Ndinawapatsa foni, chithunzi cha Tomasi chili poonekera.  Anachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira choyamba chija.

"Mwana wa eni ake," anatero. "Waonda. Munamupatsa chakudya?"

"Tinamusiyira buledi ndi shuga."

"Mwachita bwino."

Anavula nsapato zija pang'onopang'ono, n'kuziika pansi pa mpando. Kenako anaitana Rudo kuti akhale pafupi nawo.

"Ndinakulankhula moipa Lamlungu. Pakamwa panathamanga. Undikhululukire."

"Palibe kanthu, gogo."

"Kalipo. Usamanene kuti palibe."

Amalume anakonza kukhosi.

"Ndiye si iyeyo. Ndiye kuti nkhani yathu ija idakalipobe, mlongo. Tikamaliza kukolola tikhale pansi."

"Wa eni akeyu wapezeka patatha zaka zitatu," anatero amayi. "Kwawo akanamuvinira, lero akanayang'ana kuti? Wanga mumudikire."

Koma amalume ndimawadziwa. Sanagonje, angosunga.

Tinagona komweko. M'mawa mwake amayi anauza Rudo kuti awajambule, chooneka bwino ngati cha mnyamata uja. Anavala yunifolomu yawo ya Lachinayi n'kukhala pampando pabwalo. Mnansi ataona anati nayenso. Pofika masana panali mzere kuyambira pakhomo pathu mpaka pampopi. Azimayi ankabwerekana maduku. Bambo wina anabwera ndi ana ake onse asanu, n'kunena kuti wamkuluyo ajambulidwe payekha chifukwa akunyamuka mwezi wamawa kupita ku Joni. Amalume anayamba akana, akuti iwo si mwana wasukulu. Kenako tinangowaona akutuluka atavala jekete la suti, ndevu atapesa.

Pamene ndinkayang'ana mzere umenewo m'pamene ndinayamba kuganiza zimene ndikufuna kukuuzani lero.

Ife anthu a m'makomboni tinazolowera kuchoka. Agogo athu anachoka kwawo n'kusabwerera. Makolo athu ankasamuka purazi ili kupita purazi ilo. Ana athu akupita kumigodi, ku Joni, ku Botswana. Timaperekezana pamsewu ndi mawu akuti uziimba, basi. Palibe amene amafunsa kuti ukafikira kwa yani, nambala ya mnzako amene ukupita nayeyo ndi iti, kumeneko amakuitana dzina lanji. Kufunsa zotere timakuona ngati kulodza ulendo.

Masiku ano pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi foni yojambula. Timajambula mbale za chakudya, matenti a maukwati, mbuzi imene tikugulitsa. Koma tafufuzani mufoni yanuyo. Muli chithunzi cha mchimwene wanu chimene mungaonetse munthu wachilendo pamsewu, iye n'kumuzindikira? Nanga foniyo ikagwera m'madzi mawa, chitsala n'chiyani?

Ku Mutorashanga tinaonetsa pepala lathu anthu osakwana khumi, ndipo mmodzi analira maliro ake, wina anachita mantha ndi apolisi. Ndikukhulupirira kuti tikanayenda nalo m'makomboni onse a ku Mazowe kuno, chinthu chofiira chija chikanapatsidwa maina ambirimbiri. Kuli nyumba zochuluka bwanji zimene zikudikira munthu? Ndani amaziwerenga? Munthu amene analibe chitupa akasowa, amakasowa mu ofesi iti?

Rudo akuti sasiya kujambula zithunzi zake zachimbuuzi, ndipo ine sindimuletsa. Ndinamufunsa m'basi ngati adzachichotse chithunzi chofiira chija pakhoma la kukoleji. Anati ayi, koma apempha kuti pambali pake apachikepo cha Tomasi wa mabatani omanga, ngati mwini wake alola.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi china.

Tikunyamuka Lachinayi madzulo, ndinafuna kutenga pepala lija patebulo. Amayi anaika dzanja pamwamba pake.

"Ichi chisiye."

"Amayi, mwaona nokha kuti ndi Tomasi."

"Ndaona. Ndilibe china chimene akuyenda chonchi. Chisiye."

Ndinachisiya. Dzulo mnansi uja wandiuza kuti achipachika pakhoma, pamwamba pa bedi, pafupi ndi kalendala. Akuti wina aliyense akalowa amamuuza okha kuti si Jailosi, ndi mnyamata wa ku Mozambiki. Akatero amakhala akuchiyang'anabe.

Sindikudziwa ngati ndinachita bwino kuchisiya. Sindikudziwa kuti kukolola kukatha, amalume akaitanitsa msonkhano wa banja, ine ndidzaima mbali iti. Foni yanga ikalira ndi nambala yachilendo, singano imandibaya chala.

Ndiye ndimalize ndi inu amene mukuwerenga izi muli kutali, kaya kumgodi, kaya kuseri kwa Limpopo, inu amene nambala ya kwanu mumaidziwa pamtima koma mukudikira kuti zinthu ziyambe zayenda. Kwanuko sakudikira zinthuzo. Akudikira mawu anu okha, ngakhale a mphindi imodzi, pafoni yobwereka.

Mukufuna adikire mpaka liti?